Kodi Luso Lifafaniza Mwano?

Pali mau amene amveka kawirikawiri pa mabwalo a mpira kuno ku Thekerani, ndi m'midzi yonse yoyandikana ndi minda ya tiyi kufikira ku Makwasa ndi ku Thyolo. Mnyamata wodziwa mpira akatukwana woweruza, kapena akaponda mnzache mwadala, oonerera amati, "Mlekeni, ndiye wotigoletsera ameneyo." Mau omwewa tiwamvanso ku sukulu pa za mwana wokhoza mayeso koposa anzache, ndi ku kwaya pa za mtsikana wa liu lokoma. Anthu anena chotero osalingalira, koma m'kati mwa mau amenewa muli chiphunzitso, ndicho chakuti munthu wa mphatso aloledwa kuchita zimene ena saloledwa. Tifuna kuyesa chiphunzitso chimenechi, tione ngati chiri choona.

Tikati tiyese mlandu umenewu ndi mpira wa pa bwalo lathu, tidzakangana tisanafike patali, pakuti ali yense wa ife ali ndi timu yache, ndipo m'timumo muli mwana wa mlongo wache. Munthu saweruza bwino mlandu wa pa khomo pache. Chifukwa chache titenga masewera amene tiribe nao mbali, ndiwo masewera a tenisi, kuti tiweruze mitima iri m'malo; ndipo tikatha tidzabwera nacho chiweruzocho kwathu kuno.

Masewera amenewa anafika m'dziko lino pamodzi ndi Azungu. Kalabu ya masewera ya ku Blantyre inayambika m'chaka cha 1896, ndipo eni minda ya tiyi anamanganso makalabu ao ku Thyolo ndi ku Mulanje. Masiku a Nyasaland mabwalo otere anali a Azungu, ndipo gawo la ana a anthu akuda linali kutola mipira ndi kuibwezera kwa osewera. Bwalo lache ndi la mapazi 78 m'litali ndi mapazi 27 m'lifupi, ndipo pakati pali ukonde wa msinkhu wa mapazi 3. Anthu awiri aima wina uku wina uko, namenyerana kampira ndi chomenyera cha zingwe chotchedwa raketi. Amene alephera kukabweza, kapena akagwetsa kunja kwa mzere, wataya pointi. Mpikisano wa ku Wimbledon, ku London, unayamba mu 1877, ndipo kuyambira 1968 osewera olandira ndalama analoledwa kulowamo. Mu 2025 wopambana kumeneko analandira mapaundi 3 miliyoni, chuma chimene wothyola tiyi sangachione ngakhale atathyola kufikira imvi. Pamene pali chuma chotere, mayesero a mtima achurukanso.

M'masewera amenewa muli zinthu ziwiri zimene ziulula mtima wa munthu koposa masewera ena. Choyamba ndi chakuti wosewera ali yekha. Pa mpira wa miyendo wolakwa abisala pakati pa anzache khumi, nati goloboyi ndiye anagona. Koma pa tenisi palibe womkankhira mlandu, ndipo munthu akhoza kukhala pa bwalo maora anai kapena asanu, khamu lonse lirikuwerenga zolakwa zache chimodzi chimodzi. Chachiwiri ndi chakuti m'mipikisano yaing'ono, kumene ana ayambira, kawirikawiri sipakhala woweruza. Wosewera ali yense aweruza yekha mipira yogwera mbali yache, ndipo lamulo ndi lakuti ngati akayika, mpirawo auyese kuti wagwa m'kati, mokomera mnzache. Taganizani, awerengi okondedwa: mwana wa zaka 12 apatsidwa kuweruza mlandu wache womwe, nauzidwa kuti pokayika akomere womtsutsa. Ngakhale pa bwalo la mfumu sitisenzetsa munthu wamkuru katundu wotere.

Tiyambe ndi mkwiyo. Mu Febuluwale 2017, ku Ottawa, Canada anakomana ndi Britain pa mpikisano wa maiko wotchedwa Davis Cup, ndipo masewera otsiriza, odula mlandu wonse, anagwera mnyamata wa zaka 17, Denis Shapovalov, amene anthu anamtama kuti adzakhala katswiri. Ataona kuti zinthu zirikumthawa, anatenga mpira naumenya mwaukali ndi mphamvu zache zonse, osayang'ana kumene upita. Mpirawo unakantha woweruza, Arnaud Gabas, pa diso, nuthyola fupa la pansi pa disolo. Mnyamatayo anachotsedwa, ndipo dziko lache linagonja pomwepo. Wina angati, Ameneyo anali mwana. Koma mu Sepitembala 2020, ku New York, Novak Djokovic, amene panthawiyo anali woyamba pa osewera onse a dziko lapansi, ndipo chaka chimenecho anali asanagonjepo, anamenyera mpira kumbuyo mopsa mtima, nukantha pakhosi mai woyang'anira mzere. Nayenso anachotsedwa mumpikisano.

Onse awiri sanafune kupweteka munthu, ndipo onse awiri anapepesa. Tiphunzirapo kuti mkwiyo ulibe maso. Munthu wokwiya ayesa kuti alikulanga mpira, kapena raketi, kapena tsoka lache, koma chimene aponya chigwera munthu wosamchimwira, monga mwamuna wodzudzulidwa ndi kapitao kumunda masana akakalipira mkazi ndi ana kunyumba madzulo. Eni masewera anadziwa ichi, naika makwerero a chilango: pa kulakwa koyamba chenjezo, pa kwachiwiri kulandidwa pointi, pa kwachitatu kulandidwa gemu yathunthu, ndipo pa cholakwa chachikuru kuchotsedwa kosayamba wachenjezedwa. Lamulo limeneli silinafunse Djokovic kuchuruka kwa zikho zache.

Koma tisafulumire, pakuti otsutsa ali ndi mau ao, ndipo si mau opusa. Iwo ati moto umene uchititsa mnyamata kuthamangira mpira umene ena akadauleka, ndi womwewo umene umkwiyitsa akalephera, ndipo wozima mkwiyo azimanso changu. Atikumbutsa John McEnroe wa ku America, amene kukalipira oweruza kunali ngati ndiwo zache za tsiku ndi tsiku, amene anachotsedwa ku Melbourne mu 1990 chifukwa cha kutukwana, koma anapambana mipikisano yaikuru 7, ndipo anthu anadzaza mabwalo kudzamuona. Tikadamdulira ukali wache, atero iwo, kodi sitikadaduliranso luso lache?

Tibvomereza kuti moto ndi umodzi. Koma moto wa pa mafuwa ndi moto wa lupsa wa mu Okutobala ndi umodzinso. Wina uphika nsima, wina unyeketsa nkhokwe, ndipo chowasiyanitsa ndi mafuwa. Björn Borg wa ku Sweden, amene analimbana ndi McEnroe yemweyo, anali mwana waukali, woponya raketi ndi wotukwana, kufikira akuru a kalabu ya kwao anamletsa kusewera miyezi ingapo. Pobwera anali ataphunzira kusunga motowo m'kati, ndipo anapambana ku Wimbledon zaka 5 zotsatana, kuyambira 1976 kufikira 1980, nkhope yache yosagwedezeka. Rafael Nadal wa ku Spain, wodziwika ponse ndi kulimbikira kwache, anapambana mipikisano yaikuru 22 kufikira anapuma mu 2024, osathyolapo raketi mwaukali pamaso pa anthu. Pakuti atate ache aang'ono, Toni, amene anamphunzitsa kuyambira ubwana, anamuuza kuti kuli ana ambiri olakalaka raketi osaipeza. Amenewa moto anali nao wonse, koma wina anawaikira mafuwa akali ang'ono.

Tsono kodi tinene kuti wofatsa apambana nthawi zonse, ndi wamwano agonja? Tikatero tidzanama, ndipo ana athu adzatigwira bodza, pakuti aona okha kuti amwano ena akwera. Pali nkhani ziwiri zoyenera kuziika pamodzi. Mu 1982, ku Paris, mnyamata wa zaka 17, Mats Wilander, anatsala ndi pointi imodzi kuti alowe m'masewera otsiriza. Womtsutsa, José Luis Clerc wa ku Argentina, anamenya mpira umene anthu oyang'anira anati wagwa kunja, ndipo woweruza wamkuru analengeza kuti Wilander wapambana. Koma mnyamatayo anapita kwa woweruza namuuza kuti mpirawo unali m'kati, napempha kuti abwereze pointiyo. Anabwereza, napambana ndithu, natenganso chikho cha chaka chimenecho. Mu 2005, ku Rome, Andy Roddick wa ku America anafika pa malo omwewo polimbana ndi Fernando Verdasco. Woyang'anira mzere anati mpira wa Verdasco wagwa kunja, ndiko kuti Roddick wapambana; koma bwalo la ku Rome ndi la dothi lofiira, losunga chizindikiro pamene mpira wagwa, ndipo Roddick anayang'ana chizindikirocho nati mpira unakhudza mzere. Verdasco anatsitsimuka, napambana masewerawo, Roddick naturuka mumpikisano.

Awiriwa anachita chinthu chimodzi. Wina anapindula, wina anataya. Chotero sitingaphunzitse ana kuti anene zoona chifukwa zoona zilipira, pakuti lidzafika tsiku limene sizidzalipira, ndipo tsiku limenelo chiphunzitso chathu chidzagwa. Chifukwa chenicheni chiri pa tanthauzo la kupambana. Kupambana ndi umboni, wonena pamaso pa anthu kuti lero, pa malamulo amene onse anabvomera, uyu anaposa uyo. Munthu wolandira chikho ndi pointi imene adziwa kuti si yache walandira umboni wonama, ndipo ngakhale dziko lonse liombe m'manja, pali mboni imodzi yodziwa zoona imene adzagona nayo usiku uli wonse. Afanana ndi wothyola tiyi amene athira madzi m'dengu asanafike pa sikelo: kalaliki alemba makilogramu onse, koma mwini dengu adziwa kuti ena mwa iwo ndi a mumtsinje. Ndiponso munthu wa tsidya la ukonde si mdani, pakuti popanda iye palibe masewera; ndiye mwala wonolerapo chikwakwa, ndipo kulimba kwache ndiko kuonetsa kuthwa kwa mnzache. Chifukwa chache mwambo wa tenisi ufuna kuti masewera akatha, awiriwo akomane pa ukonde, agwirane chanza, napatsenso moni woweruza.

Masiku ano nchito ya maso a anthu irikutengedwa ndi makina. Mu 2025 eni Wimbledon anachotsa anthu oyang'anira mizere, naika makamera oona pamene mpira wagwa. Ena ayesa kuti tsopano kukhulupirika kwatha nchito, popeza makina sanyengeka. Koma m'chaka chomwecho, ku Paris, Carlos Alcaraz wa ku Spain, wa zaka 22, polimbana ndi Ben Shelton, anadziponya nabweza mpira wobvuta, woweruza nampatsa pointi. Iye mwini anadziwa kuti raketi inali itapulumuka m'dzanja lache isanakhudze mpira, chimene lamulo liletsa. Nauza woweruza, ndipo pointiyo inapita kwa Shelton. Pa masewera ali onse patsala kangodya kamene aona ndi mwini yekha. Mnyamata yemweyu mu 2024, ku Cincinnati, anaswa raketi yache pansi ndi mkwiyo, napepesa poyera pambuyo pache. Tiona apa kuti khalidwe silibadwa lokhwima, ndi kuti wogwa dzulo akhoza kuima bwino lero.

Latsala funso lina lobvuta. Nanga woweruza akalakwadi, kapena akakondera, kodi wosewera angokhala chete? Iai, kufatsa si mantha. Pa bwalo la mfumu munthu wolakwiridwa aomba m'manja, nanena mlandu wache wonse osasiyako kanthu. Chimene saloledwa ndi kuloza mfumu chala. Arthur Ashe, munthu wakuda wa ku America, anakulira m'mzinda wa Richmond, mmene mabwalo abwino a tenisi anali oletsedwa kwa anthu a khungu lache. Boma la tsankho la South Africa linamkaniza chilolezo cholowera m'dzikomo mu 1970. Iye sanaleke kupempha ndi kulankhula poyera kufikira anamlola mu 1973, nasewera ku Johannesburg anthu akuda alikumuona. Mu 1975 anapambana ku Wimbledon. Ameneyu anali ndi chifukwa chokwiyira choposa cha onse tawatchulawa, ndipo analimbana nacho choipacho kufikira imfa yache, koma anadziwika ponse ndi ulemu wache pa bwalo. Tisiyanitse tsono mkwiyo wa pa chosalungama, umene ufuna kukonza chokhota, ndi mkwiyo wa munthu amene waphonya mpira nafuna wina womsenzetsa manyazi ache.

Nkhani ya Frances Tiafoe ifanana ndi ya ana athu. Atate ache anachoka ku Sierra Leone kunka ku America, nagwira ganyu pomanga mabwalo a tenisi ku Maryland, nalembedwa nchito yowasamalira. Mwanayo anagona m'kachipinda ka pamalopo masiku ambiri a sabata, nayamba kuphunzira poonerera ana a olemera. Mu 2022 anagonjetsa Nadal ku New York. Koma mu 2024, ku Shanghai, atagonja anatukwana woweruza, nalipitsidwa madola 120,000. Tingamchitire chifundo pokumbukira kumene anachokera, koma monga luso silifafaniza mwano, umphawi wa kale suufafanizanso. Ndipo iye mwini anabvomera kulakwa, napepesa.

Nanga mlandu waukuru uli pa yani? Ife a kuno tidziwa mtengo wa tiyi. Ukausiya wokha ukula nukhala mtengo wautali wosafikirika ndi dzanja, wa masamba okhakhala opanda phindu pa sikelo. Chifukwa chache mbeu ikachoka ku nazale, alimi aidulira ikali yaing'ono kuti ichite nthambi zambiri ndi kuyala ngati thebulo, nadikira zaka ngati 3 asanayambe kuithyola kwenikweni. Pali njira ziwiri zoonongera tiyi, ndizo kusamdulira, ndi kumthyola asanakhwime. Ndipo mwana wa luso aonongeka m'njira ziwiri zomwezi. Jennifer Capriati wa ku America anayamba kusewera ndi akuru mu 1990 ali ndi zaka 13, amalonda namzinga ndi ndalama. Anatenga mendulo ya golide ku Barcelona mu 1992, ndipo pakutha pa 1993, ali ndi zaka 17, anali atalema mumtima, naleka kusewera. Anabwera patapita zaka, napambana ku Melbourne ndi ku Paris mu 2001. Koma chifukwa cha iye ndi ena onga iye, bungwe la osewera aakazi linaika lamulo mu 1995 lochepetsa mipikisano imene mtsikana wosakwana zaka 18 aloledwa kulowa. Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru. Apa zinatembenuka, pakuti nkhuyu anadya ndi akuru, wopotedwa nakhala mwana.

Tisayese kuti izi ndi za maiko akutali okha. Ku Harare, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira nchito, Don Black anakonza mabwalo a udzu pa khomo pache, naphunzitsa ana ache atatu, Byron, Wayne ndi Cara. Mu 1998 Byron ndi Wayne anagonjetsa Australia kwao komwe pa Davis Cup, ndipo mu 2004 Wayne ndi mlongo wache Cara anatenga chikho cha osewera awiriawiri ku Wimbledon. Ku Nairobi, Angella Okutoyi, mwana wamasiye woleredwa ndi agogo ache, anatenga chikho cha atsikana awiriawiri ku Wimbledon komweko mu 2022. Luso silisankha dziko, ndipo pakati pa ana amene tiwaona alikumenya chikulunga m'mphepete mwa mseu wa ku Makwasa muli ena amene maina ao adzamveka kutali, kaya pa mpira wa miyendo, kaya pa wa manja, kaya pa liwiro. Chimene adzaonetsa kumeneko, pamaso pa anthu zikwi, ndi chimene tinawalola kapena kuwaletsa pa bwalo la sukulu.

Tibwere nacho tsono chiweruzo chathu. Luso silifafaniza mwano. Liukulitsa, pakuti maso opeñya katswiri ndi ambiri, ndipo tiana toima kunja kwa bwalo titsanza kutukwana kwache msanga koposa kumenya kwache kwa mpira. Wamwano wopanda luso aononga dzina lache lokha, koma wamwano waluso aphunzitsa mudzi wonse. Ndipo iye mwini timlakwira pomlekerera, chifukwa mphamvu za miyendo ndi za zaka zowerengeka, ndipo zikatha adzatsala ndi khalidwe limene tinamlola kukula nalo. Pamenepo omwe anati "Mlekeni" adzakhala oyamba kumthawa.

Mphunzitsi amene aturutsa katswiri wache m'bwalo chifukwa watukwana woweruza, ngakhale sukulu itaye chikho, achita nchito ya wodulira tiyi, ndipo makolo ayenera kumthokoza, osati kumlalatira. Ife oonerera tikumbukire kuti woyimba wezulo pa bwalo lathu ndi bambo wa mwini, wobwera kudzatumikira popanda malipiro eni eni, ndi kuti mau amene tifuula ana athu alikuwasunga. Ndipo mwana akabwera ku masewera madzulo, tisamfunse zigoli zokha. Timfunsenso ngati anagwira chanza mnzache amene anamgonjetsa. M'mera mpoyamba, ndipo mpeni wodulira uli m'manja mwathu.